Season yatha, nazi zoona za kilabu ya cricket ija

Ena mukukumbukira mu April ndinalemba kuti ndalowa kilabu ya cricket ya m'tauni yathu kuno kufupi ndi Leicester, ndipo ndinaitama ngati munthu amene wangogula njinga yatsopano. Pano September watha, ndiye ndati ndibwerenso ndinene bwinobwino.

Za ndalama sindidandaula kwambiri, pali ya pachaka kenako match fee Loweruka lililonse. Bat ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito, mdala wina wa mu timu anandiuza kuti ndiipake linseed oil ndiziigogoda ndi mallet madzulo aliwonse, mpaka mayi a kunyumba anafunsa ngati ndayamba ukalipentala. Ikadali bwino, yangong'aluka pang'ono kunsi. Zovala zoyera zija ndiye iwalani, udzu ukalowa pa mabondo suchoka olo muchape bwanji.

Chimene sanandiuze ndi nthawi abale. Mpira wa miyendo mphindi 90 mwathana, koma iyi ma over 40 timu iliyonse (over imodzi ndi kuponya mpira kasanu ndi kamodzi), kuyamba 1 koloko kumaliza cha m'ma 7, mukakhala away ndiye Loweruka lonse lapita, ndipo ine wa mashifiti ku care home ndimachita kupempha anzanga kuti tisinthane. Tsiku lina mu June ndinaima ku boundary maola atatu mpira n'kundipeza kawiri kokha, nthawi yanga yomenya itakwana ndili nambala 10, mpira woyamba womwewo stumps (timitengo ta kumbuyo kwa womenya) gwaa, ndatuluka. Amati golden duck. Ulendo wobwerera ku pavilion uja ndi wautali, aliyense ali chete, wina akungoti unlucky mate, bola akanangondiseka. Ndiye zonse amaika pa webusaiti ya zotsatira ya Play-Cricket, dzina lako ndi 0 pambali, alamu anga ku Lilongwe anaziona n'kunditumizira chithunzi cha bakha.

Mvula nayo sinama. Kukoka ma covers ophimbira pitch, kudikira, kuchotsa, yabweranso, magemu atatu anathera pomwepo.

Chondinyasa chenicheni ndi kasankhidwe ka timu. Mayina amatuluka pa WhatsApp Lachinayi usiku ndipo amene akhala limodzi zaka zambiri amamenya koyambirira nthawi zonse ngakhale sakupanga ma run, iwe watsopano umakumbukiridwa akaperewera anthu 11. Ndinalankhula ndi captain mu July, anamva ndithu, anandikweza kufika nambala 7, ndipo mu August ndinapanga 23, yanga yapamwamba, musandiseke.

Koma tea, eee. Pakati pa ma innings onse amakhala pansi, ife ndi adani omwe, masangweji, keke, tiyi. Makilabu ena anasiya nthawi ya Covid aliyense amabwera ndi zake, athuwa anabwezeretsa. Itafika nthawi yanga ndinakazinga mandasi beseni lonse, ndili ndi mantha kuti atsala. Umpire (woyimbira) wachikulire wina anadya anayi, ena anakulunga mu tishu kuti akapatse akazi awo, kuyambira tsiku limenelo anasiya kulakwitsa dzina langa. Mwana wanga wa zaka 6 ndinamulembetsanso All Stars, pulogalamu ya ECB (bungwe la cricket ku England ndi Wales) ya ana a zaka 5 mpaka 8, iyeyo ndiye wapeza anzake kuposa ine.

Chala changa cha pakati chikadali chopindika pang'ono, mpira uja ndi chikopa cholimba ngati mwala ndipo ndinaugwira molakwika. Ma nets (ma training omenyera mpira m'maukonde) a m'nyumba ayamba January ku holo ya sukulu, ndalembetsa kale, kungoti kunyumba sindinanene.