"A stone's throw" kapena "within walking distance": mulembe ati?

Inu otsatsa nyumba za lendi ndi malo ogona alendo pa Dedza boma, mawu achingerezi awiriwa musamawasakanize.

"A stone's throw" amanena za malo oyandikana kwambiri, poti mwala mutauponya ukafika. Pa Lizulu, pomwe msewu wa M1 wadutsa m'malire, mukamagula kachewere ndi kabichi mbali ya Malawi, Mozambique ali tsidya la msewu basi. Pamenepo ndiye mawuwa amakwana. Nthawi zambiri amatsatana ndi "from" kapena "away".

"Within walking distance" ndi poyendeka wapansi osafuna kabaza, kaya mphindi 5 kaya 20.

Kukoma m'khutu, oyambawo amaposa.
Kumveka msanga, achiwiriwo savuta ngakhale kwa munthu wodziwa Chingerezi pang'ono.
Pa chilungamo ndiye samalani. "Pompano" wathu uja amatha kukhala kuseri kwa phiri la Dedza, koma mlendo akawerenga za mwala amayembekezera kuwaona malowo ali chiimire pakhomo. Akayenda theka la ola atasenza chikwama, sadzabweranso.

Ngati msika kapena siteji ikuonekera pakhonde panu, lembani oyambawo. Ngati pali kamtunda, achiwiriwo ndiye anu, ndipo muwonjezere mphindi zake.