Uno, Pico kapena Blue Pill: ndi iti imene sivuta pa Linux?

Ambiri pogula bolodi ya microcontroller (kakompyuta kakang'ono koyendetsera zipangizo zamagetsi) amayang'ana purosesa ndi mtengo. Ngati kompyuta yanu ili ndi Linux, yambani mwafunsa kuti bolodiyo imalankhula bwanji ndi kompyuta kudzera pa USB, chifukwa mavuto ambiri amabisala pamenepo.

Arduino Uno R3 yeniyeni ili ndi chip cha ATmega16U2 choyang'anira USB. Mukangoilumikiza imaonekera ngati /dev/ttyACM0, popanda kuika driver iliyonse. Chotsala ndi chilolezo: pa Ubuntu ndi Debian dzina lanu likhale m'gulu la dialout, pa Arch la uucp. Lembani sudo usermod -aG dialout $USER, kenako mutuluke mu akaunti yanu n'kulowanso. Ambiri amaiwala kutulukako, basi n'kumada bolodi yosalakwa.

Ma Uno otchipa, ongotengera enieniwo, nthawi zambiri amabwera ndi CH340 ndipo amaonekera ngati /dev/ttyUSB0. Driver yake, ch341, ili kale mu kernel. Koma pa Ubuntu 22.04 pali msampha. Pulogalamu ya brltty, yomwe imathandiza anthu osaona kuwerenga pa zipangizo za Braille, imayesa CH340 chipangizo chake n'kuilanda. Mukayang'ana mu dmesg, lamulo loonetsa mauthenga a kernel, muona ttyUSB0 ikubwera, kamphindi komweko n'kusowa. Mankhwala ake ndi sudo apt remove brltty, bola pasakhale wina pakhomopo amene amaidalira.

Raspberry Pi Pico, yomwe inatuluka mu 2021 pa mtengo wa madola 4, inazemba zonsezi. Mumadina batani la BOOTSEL poilumikiza, iyo n'kuoneka ngati fulashi yotchedwa RPI-RP2. Mukakoperamo fayilo ya UF2, yomwe ndi pulogalamu yanu, ntchito yatha. Ndisakunamizeni komabe: mukaika MicroPython n'kufuna kulankhula nayo kudzera pa Thonny, pulogalamu yolembera Python, imasanduka ttyACM0, ndiye nkhani ya dialout ija imabweranso.

Blue Pill ya STM32F103 ndiye imafuna kufatsa. Ikamachoka kusitolo silandira pulogalamu kudzera pa USB yake, choncho ambiri amagula ST-Link V2 yapadera, kachipangizo kolowetsera pulogalamu mu bolodiyo. ST-Link imeneyi sionekera ngati tty, kotero dialout ilibe nayo ntchito. Imafuna malamulo a udev opereka chilolezo chogwiritsa ntchito chipangizocho, omwe pa Debian ndi Ubuntu amabwera mukaika stlink-tools. Phindu la kuvutikaku n'lakuti ndi OpenOCD ndi GDB, mapulogalamu osakira zolakwika, mutha kuimitsa pulogalamu pa mzere umene mukuukayikira n'kusuzumira zomwe zili mu memory.

Kwa wongoyamba kumene, ine ndingasankhe Pico. Amene akutsatira maphunziro olembedwera Arduino angotenga Uno, ngakhale ya CH340, poti brltty imachoka ndi lamulo limodzi. Blue Pill idikire mpaka Serial.print, njira ya Arduino yoonetsera mauthenga pa kompyuta, itasiya kukukwanirani posaka zolakwika.

Ndipo bolodi iliyonse ikakana kuoneka ngakhale mu lsusb, lamulo loonetsa zonse zolumikizidwa pa USB, musanafufuze za udev sinthani kaye waya. Mawaya ena a USB ndi ongotchajira foni, mkati mwake mulibe timawaya todutsa deta.