Amaryllis wa pa Khrisimasi: kumugoneka mumdima kapena kumusiya ndi masamba ake?

Anzanga amene muli kuno ku UK, Januwale akafika musathamangire kutaya amaryllis uja munagula mu supamaketi, chianyezi chija chimakhala zaka zambirimbiri chikumasula ngati mwachisamala. Njira zomupangitsa kuti amasulenso zilipo ziwiri ndipo anthu amakangana nazo, koma zonse zimayambira pamodzi. Maluwa akafota dulani phesi lokhalo, masamba musawakhudze olo pang'ono chifukwa ndi amene amabwezeretsa chakudya m'chianyezi. Muikeni pawindo lowala, madzi, feteleza wamadzi wa tomato ngati Tomorite pakatha sabata ziwiri zilizonse, ndipo chisanu chikatha cha kumapeto kwa Meyi mutha kumutulutsa panja, bola muziyang'anira nkhono zimadya masamba usiku. Duwa limapangika mkatimo pakatuluka masamba pafupifupi 4, ndiye wa masamba awiri owonda musamuyembekezere zambiri.

Njira yoyamba ndi yomugoneka. Cha mu Seputembala mumasiya kuthirira, masamba amachita chikasu n'kuuma, mumawadula, poto n'kukamuika pozizira pamdima, madigiri 10 mpaka 13, kwa masabata 8 mpaka 10. Mukamutulutsa mwachotsa dothi lapamwamba mwaika latsopano, madzi pang'ono, malo otenthera, pakatha masabata 6 mpaka 8 wamasula. Ubwino wake ndi woti tsiku mumasankha nokha, mukufuna maluwa pa Khrisimasi mungowerengera chobwerera, ndiye kuti madzi asiyidwe kumayambiriro kwenikweni kwa Seputembala kapena mu Ogasiti. Komanso safuna malo, pansi pa masitepe akwana. Koma kuipa kwake mizu ina imauma, chianyezi chimaphwa, mukachigwira chikoko chakunja chimamveka kuti chalekana ndi mkati. Ndiye galaja yambiri kuno mu Novembala imazizira kupyola, chisanu chikamugwira basi waola. Mu firiji musamuike, makamaka muli maapozi, mpweya wake umapha duwa lili mkati.

Yachiwiri ndi imene ndimaikonda ine. Simumuumitsa ayi, mumangomusamutsira pozizira koma powala, madigiri 13 omwewo, khonde lotsekedwa kapena chipinda chimene hita simuyatsa, feteleza mwasiya, madzi ongoti dothi lisachite fumbi. Masamba ena amafota ena amatsala obiriwira, mizu imakhala yamoyo, chianyezi mukachifinya ndi chala chili gwa. Masabata omwewo 8 mpaka 10 kenako kumubwezera kotentha. Kwa ine wotereyu amadzuka ndi mphamvu ndipo amabereka tiana m'mbali timene pakatha zaka zingapo timamasulanso. Vuto ndi loti amamasula nthawi yake iyeyo, mwina Febuluwale mwina Malichi, komanso masamba ataliatali aja amagwera uku ndi uku sawoneka bwino, ndipo amene ali mu flati yotentha paliponse malo a madigiri 13 owala awapeza kuti? Kwa iwowo yoyamba ija ndiye yotheka, aliyense ayang'ane nyumba yake.

Chimene chimagwira ntchito pa zonsezi ndi kuziziraku, mdima si wofunika kwenikweni. Duwali kwawo ndi ku South America, dzina lake lenileni ndi Hippeastrum, n'chifukwa kumudzi kwathu limangokhala pakhomo chaka chonse, kuzizira kwa Juni ndi Julaye kukadutsa lamasula lokha popanda womugoneka. Poto akhale wothina, kampata ka masentimita 2 kapena 3 kuzungulira, ndipo gawo limodzi mwa atatu la chianyezi likhale pamtunda, mukachikwirira chonse khosi limaola.

Zinazi ndingodutsamo. Amaryllis wokutidwa ndi phula uja, wopanda poto wopanda madzi, ndimamva naye chisoni, ambiri amakhala atadulidwa mizu, mutha kumusenda phula n'kumudzala koma ndi zamwayi. Hyacinth, duwa lina la chianyezi lonunkhira, m'nyumba amamasula kamodzi basi, akatha musiyeni masamba aume mukamudzale panja pa gadeni, adzatuluka cha mu Malichi kapena Epulo timaluwa tochepa koma fungo lomwe lija, ndipo povukula valani magolovesi, chianyezi chake chimayabwa. Paperwhite, timaluwa toyera ta chianyezi, amene amamera m'timiyala ndi madzi amakhala atatha mphamvu zonse, kwawonso ndi ku Mediterranean panja kuno nthawi zambiri sapirira chisanu, amenewo mugule ena chaka chamawa.

Ndipo amene muli ndi mphaka kapena galu kapena mwana wokwawa, maluwa onse atatuwa ndi poizoni akatafunidwa, potoyo akhale pamwamba posafikira.