Gavin & Stacey kapena Wallace & Gromit: muyambe kuonera iti?

Ku Britain, tsiku la Khirisimasi anthu akadya n'kukhuta amaunjikana pa wailesi yakanema, ndipo BBC imasungira tsikuli zinthu zake zapamtima. Pa 25 Disembala 2024, BBC One inaonetsa zoseketsa ziwiri: madzulo Wallace & Gromit: Vengeance Most Fowl, kenako cha m'ma 9 koloko usiku gawo lomaliza la Gavin & Stacey. Zonse ndi zautali wa filimu, ina mphindi 79, inayo 90. Ngati muli ndi mpata wa imodzi yokha, musasankhe potengera chiwerengero cha oonera.

Pa chiwerengero, Gavin & Stacey inapambana. Usiku womwewo anthu oposa 12 miliyoni anaionera, ndipo pomatha sabata anali atadutsa 19 miliyoni. Wallace & Gromit inayamba ndi anthu oposa 9 miliyoni. Koma khamu la Gavin & Stacey silinabwere chifukwa cha mphindi 90 zokhazo. Seweroli linayamba mu 2007, nkhani ya Gavin, mnyamata wa ku Essex, ku England, ndi Stacey, mtsikana wa ku Barry, ku Wales, pamodzi ndi abale awo. Mu gawo la Khirisimasi ya 2019, Nessa, mnzake wa Stacey, anagwada pamsewu kufunsira ukwati Smithy, mnzake wa Gavin, sewero n'kuthera pomwepo Smithy asanayankhe. Anthu anadikira yankholo zaka zisanu. Ndiye amene analira ndi kuseka usikuwo anali ngati achibale pa ukwati wa kwawo. Inu mukalowa lero mukhala mlendo wongodutsa, wosadziwa chomwe azakhali akusekera.

Nthabwala zambiri za James Corden ndi Ruth Jones, omwe analemba seweroli komanso kusewera Smithy ndi Nessa, zimadalira kukumbukira. Chitsanzo ndi ulendo wokawedza nsomba wa Bryn ndi Jason, achibale a Stacey: kuyambira kalekale amangoutchula mwamanyazi, ndipo ngakhale pomaliza sanaulule chinachitika. Wotsatira wakale zimenezi zimamutsekemera. Watsopano amangoti kakasi. Onjezaninso kalankhulidwe ka ku Wales ndi ka ku Essex, kamene ngakhale munthu wodziwa bwino Chingelezi kamamuvuta ngati mawu sakulembedwa pansi. Olemba ndemanga m'manyuzipepala ambiri anaiyamikira kuti yatha mwaulemu, ndipo Ruth Jones analandira mphoto yapamwamba ya ku Britain, BAFTA ya pa TV, mu 2025. Ndi zoona, anayenera. Koma kuyamikirako kunali kwa anthu otsanzikana ndi mnzawo wakale.

Wallace & Gromit siifuna kuti mudziwe zambiri. Wallace, wokonda kupanga makina, wapanga kachidole kanzeru kogwira ntchito m'munda, dzina lake Norbot. Galu wake Gromit akuona kuti akuiwalika, mpaka bwana wake akumusisita pamutu pogwiritsa ntchito makina. Uko kumalo osungira nyama, Feathers McGraw, mbalame ya mtundu wa penguin yomwe inagwidwa ikuba mwala wa dayamondi mu The Wrong Trousers ya 1993, ikulowerera kompyuta ya Norbot kuti ibwezere. Nkhani yake ndi yomweyo. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Gromit ndi Feathers salankhula n'komwe. Gromit alibe ndi pakamwa pomwe, zonse amanena ndi nsidze. Feathers amangoyang'ana ndi timaso take takuda, koma mantha amakugwira ndithu. Zonsezi ndi zidole zoumba, zimene anthu a ku Aardman, mumzinda wa Bristol, amazisuntha pang'onopang'ono n'kumajambula chithunzi chimodzichimodzi. Pali kuthamangitsana kwa maboti a m'ngalande, maboti oti liwiro lawo munthu woyenda pansi n'kuwapitirira, koma anakujambula ngati nkhondo yoopsa. Agogo ndi mdzukulu amaseka pamodzi popanda womasulira.

Akatswiri a mafilimu anaikonda kwambiri. Inatenga mphoto ziwiri za BAFTA mu 2025 ndipo inapikisana nawo pa Oscar, ngakhale inagonja kwa filimu ya Flow ya ku Latvia. Pongoipezera chifukwa, sinamangike zolimba ngati The Wrong Trousers, imene inamaliza zonse m'theka la ola. Pakatikati, apolisi akamafufuza Wallace, nkhani imazilala pang'ono.

Kapezekedwe nakonso n'kosiyana. Amene muli ku Britain zonse ziwiri zinaikidwa pa BBC iPlayer, bola mukhale ndi laisensi ya TV. Kunja kwa Britain, Wallace & Gromit inatuluka pa Netflix pa 3 Januwale 2025, pomwe Gavin & Stacey njovutirapo kuipeza.

Ine ndikuti yambani ndi galu ndi mbalameyo. Gavin & Stacey musaiyambire kumapeto: ngati mukuifunadi, bwererani ku 2007, muonere zigawo zonse za ma series atatu oyambirira ndi za Khirisimasi za 2008 ndi 2019, kenako mufike pa yomalizayi.