Chishalo cha Wintec 500 Dressage pa nyengo ya ku Thyolo kuno

Chishalo chachikopa chimavuta kusamala ku Thyolo ndi ku Mulanje. Chiperoni chikangokhazikika, chikopa chimachita chuku, ulusi wosokera n'kuyamba kufooka. Wintec 500 Dressage si yachikopa. Mumangoipukuta ndi kansalu konyowa n'kuiyanika pamthunzi, basi. Pokhapa yawina kale.

Koma chishalo cha dressage, masewera ophunzitsa hatchi kuyenda mwaluso momvera wokwera, timachiyesa ndi m'mene chimamukhazikira wokwera. Ichi n'chakuya pakati, ndipo mapiko ake, mbali zomwe miyendo ya wokwera imagonapo, ndi aatali, otsika chowongoka, kotero mwendo umalendewera pansi pa thupi. Wina akakuonerani chammbali, khutu, phewa, chiuno ndi chidendene zizikhala pa mzere umodzi. Pa chishalo wamba mzerewu umavuta chifukwa mapiko amakankhira bondo kutsogolo, munthu n'kukhala ngati ali pa mpando wa ndalema. Akatero kulemera konse kumapita kumbuyo, hatchi imabonyeza msana, imadzutsa mutu, miyendo yakumbuyo n'kumatsalira. Ambiri amathamangira kukoka zingwe, pamene vuto lili pa matako awo omwe.

Chomwe tachikonda kwambiri ndi chitsulo cha kutsogolo, gullet, chomwe chimasinthidwa ndi sikuludiraiva. Zitsulozi zimasiyana kukula ndipo amazipaka mitundu: chakuda n'chapakati, chabuluu chotambasuka pang'ono, chofiira chachikulu. Apa musachite zongoganizira. Chitsulo chikachepa, chishalo chimatukuka kutsogolo n'kukuponyerani kumbuyo. Chikakulitsa, chimagwera pa linunda la hatchi, inu n'kumawerama, ndipo hatchi imalemedwa miyendo yakutsogolo n'kumapunthwa. Mukamanga lamba n'kukwera, pakati pa linunda ndi chishalo pazilowa zala ziwiri kapena zitatu, ndipo kumbuyo chisapitirire nthiti yomaliza. Hatchi za kuno zimanenepa dzinja msipu ukachuluka n'kuphwa m'chilimwe, choncho muziyezanso nyengo ikasintha.

Timapilo ta pa bondo timamatidwa, mutha kutisuntha. Ubwino ulipo, msampha uliponso. Wophunzira amazolowera kukanikiza bondo pamenepo, chidendene chimakwera, chiuno chimauma, ndiye pa trot, hatchi ikamathamanga pang'onopang'ono, amangodumphadumpha pamsana. Ife timalangiza kutikweza m'mwamba pang'ono kuti bondo lizingokhudza.

Zopondera zikalendewera zokha zizifika pa kakolo kapena kutsikirako pang'ono. Kuzitalikitsa mopitirira kuti muoneke katswiri kumangochititsa kuti muzifunafuna ndi zala.

Pali china chimene chishalochi sichikonza: kupindika m'chiuno. Mukatsamira fupa limodzi la m'matako, hatchi imasiya mzere, ndipo bwalo la mamita 20 lomwe mukuzungulira limatuluka ngati dzira. Mankhwala ake ndi kukwera hatchi ili pa chingwe chachitali cha mphunzitsi, inu mulibe zingwe m'manja kapena zopondera, kwa mphindi 15 kapena 20.

Pokhalapo ndi polimbirako poyerekeza ndi chikopa chabwino chomwe chafewa, ndipo odziwa amamva kusiyana. Kumbukiraninso kuti chishalochi chimafuna lamba wamfupi wa dressage, wa chishalo wamba sagwirizana nacho. Mukamaitanitsa ku South Africa, itanitsirani limodzi lambayo ndi zitsulo ziwiri zoyandikana kukula, chifukwa kuno simungazipeze msanga.