Pampu ya AC kapena ya DC pa thanki yaikulu ya makorali ku Chipata

Ku Chipata kuno nyanja ya mchere ili kutali, choncho wosunga makorali (tizamoyo ta m'nyanja tooneka ngati miyala kapena zomera) m'thanki yagalasi amadalira pampu kuti madzi aziyenda ngati mafunde. Thanki ya malita 1,000 yokhala ndi makorali olimba imafuna madzi ozungulira malita 20,000 kapena kuposerapo pa ola, chifukwa madzi oyenda ndiwo amabweretsa chakudya ndi kuchotsa zinyalala pa makoraliwo.

Pampu ya AC, yoyendera magetsi a m'nyumba, njotchipa ndipo imakhalitsa. Mumangoilumikiza ku magetsi a 230V, basi. Koma imathamanga liwiro limodzi, imatenthetsako madzi, ndipo malaiti akapita nayonso yaima.

Ya DC, yoyendera magetsi onga a m'batire, njokwera mtengo, komabe ine ndingasankhe imeneyi. Zambiri zimayendera 24V, kotero batire ya sola imatha kuiyendetsa magetsi akazima. Apa mpamene pali nkhani, pakuti madzi akaima kwa maola angapo mpweya umachepa, nsomba n'kuyamba kupuma mwabefu pamwamba. Liwiro lake mumalisintha ndi kabatani, usiku n'kulitsitsa. Chofooka chake ndi kabokosi kowongolera: kakapsa, yembekezani kena kuchokera ku Lusaka.

Nyale nazo n'chimodzimodzi. Makorali ambiri amadya kudzera mu ndere zazing'ono zokhala m'thupi mwawo, zomwe zimafuna kuwala. Nyale za metal halide zimawala kwambiri koma zimatentha. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, madzi ofunika kukhala pa madigiri 25 sachedwa kukwera. Za LED zimatentha pang'ono ndipo sizimaliza mayuniti msanga.