Makamera okha, kapena lidar ndi radar: zipirira ziti pa mvula ndi fumbi la ku Lilongwe?

Opanga galimoto zodziyendetsa zokha agawikana pawiri. Kampani ya Tesla imadalira makamera okha, moti mu 2021 inachotsa radar (chipangizo choyeza mtunda ndi mafunde a wailesi) pa galimoto zake za Model 3 ndi Model Y, poganiza kuti ngati munthu amayendetsa ndi maso, galimoto nayonso maso aikwanira. Kampani ya Waymo, yomwe inayambira ku Google mu 2009, imaphatikiza makamera, lidar (chipangizo choyeza mtunda ndi kuwala) ndi radar. Kunja kukacha bwino, zonse ziwiri zimaoneka zanzeru. Nyengo ikaipa m'pamene zimasiyana.

Kamera ili ndi matenda onse a diso. Amene munaloza ku Mchinji dzuwa likupendeka mukudziwa momwe limathobwera m'maso, mpaka wakabaza kumuona mwamufika kale. Onjezani chifunga cha mu June pa M1 cha ku Dedza, kenako utsi wa tchire ndi fumbi lofiira la mu October. Mu October 2024, bungwe loona za chitetezo cha pamsewu ku America, NHTSA, linayamba kufufuza galimoto za Tesla pafupifupi 2.4 miliyoni chifukwa cha ngozi zinayi zomwe zinachitika m'malo osaoneka bwino: dzuwa lothobwa, chifunga ndi fumbi. Pa ngozi imodzi panafa munthu woyenda pansi. Ubwino wa kamera ndi mtengo wotsika, komanso ndi yokhayo imene imaona mtundu wa maloboti ndi kuwerenga zikwangwani.

Lidar imaponya kuwala kwa laser n'kuyeza mtunda, choncho mdima suivuta. Njinga yopanda nyali ku Area 25 usiku ingaione. Koma chimvula cha mu January chikatsakamuka, madontho amamwaza kuwalako ndipo imayamba kuona pafupi. Apa radar ndiyo imapulumutsa, poti mafunde ake amaboola mvula ndi chifunga, ngakhale kuti chinthucho siichizindikira bwino kuti ndi mbuzi kapena thumba la makala.

Ine ndili kumbali ya Waymo, koma tisaikometse kwambiri. Sizinangochitika kuti mu 2020 inayamba kunyamula anthu onse popanda dalaivala ku Phoenix, m'chipululu cha Arizona komwe mvula ndi mlendo. Chipale chofewa cha ku Michigan inkangochiyeserera. Kuno vuto ndi lina. Lingadzi akasefukira, mizere ya pamsewu imabisika, dzenje lodzaza madzi limaoneka ngati phula, ndipo minibasi imodzi yokha ikakuwazani matope, lidar yodulayo yachita khungu limodzi ndi kamera.

Galimoto zotere sizinafike kuno, komabe timagalimoto tathu tochokera ku Japan tili kale ndi mkanganowu. EyeSight, njira yothandiza dalaivala kupewa ngozi pa Subaru zakale, imadalira makamera awiri a pagalasi lakutsogolo ndipo imadzizimitsa mvula ikakula. Inzake ya pa Toyota, Toyota Safety Sense P, imaphatikiza kamera ndi radar yobisika kuseri kwa chizindikiro cha kutsogolo. Mukamatsukitsa galimoto, auzeni anyamata apukutenso chizindikirocho.